Lilime Lobiriwira

Liwiro anamva mapazi a Penta asanagogode. M'mawa uliwonse mnyamatayo ankayenda monyang'ama pakhonde, ngati kuti munthu amene msana wake ukuyaka moto amakhala ndi tulo toti n'kumusokoneza.

"Lowa, ndili maso," anatero Liwiro.

"Wagona bwanji, mayi wa mwana wanga?"

"Ngati mlonda."

Penta anaseka pang'ono n'kuika kabotolo pampando wa pafupi ndi bedi. Munali mankhwala amadzi obiriwira, amphamvu kwambiri, amene kuchipatala amawatcha mofini. Umenewo unali mlingo wa tsiku lonse. Botolo lalikulu linkakhala m'bokosi la zipangizo za Penta, lokhoma ndi loko, ndipo kiyi wake ankalendewera pachingwe m'khosi mwake.

Dzina lakuti Liwiro analitenga kusukulu, kumene ankasiya anyamata m'mbuyo pa mpikisano wothamanga. Basi itagubuduzika n'kumuphwanya msana ndi chiuno, miyendo inaiwala zothamanga koma dzina linakana kuchoka. Penta anamupeza m'khonde la chipatala akuphunziranso kuyenda, iye ali pamakwerero ndi burashi. "Achemwali, penti iyi iuma musanafike pachitseko," anamuseka motero. Liwiro anayankha kuti ndiye apente mochedwa, kuti apeze wocheza naye. Khonde la masiku ochepa linatenga mwezi, mpaka abwana ake a Penta anafunsa ngati ankapenta ndi mswachi.

Tsopano Liwiro anali ndi pakati, ukwati unali pafupi, ndipo ankakhala m'chipinda chakumapeto m'nyumba ya mayi ake a Penta. Dokotala anali atamuuza mosapita m'mbali kuti asasiye mankhwalawo ndiponso asachepetse payekha. Thupi lake linali litawazolowera, mwana m'mimba chimodzimodzi, ndipo kuwadula mwadzidzidzi kukanatha kumupititsa padera. Koma mayi ake a Penta mawu a dokotala sankawawerengera. Kukhitchini, pamene ankaganiza kuti makoma alibe makutu, ankamutcha chidakwa cha mankhwala. Pofuna kuwatseka pakamwa, Liwiro anapereka yekha botolo ndi kiyi kwa Penta. Anati aziyeza ndi mwana wawo, kuti asadzanene kuti iye amamwa mobisa.

"Sakugwiranso ngati kale," Liwiro anatero atameza mlingo wa m'mawa. Anayasamula mpaka misozi. "Thukuta silikutha, mphuno ikuchucha popanda chimfine, miyendo ikukana kukhala malo amodzi. Mwana nayenso akugunda ngati akufuna kuthyola chitseko."

Penta anatenga kansalu n'kumupukuta pamphumi. Maso ake anali pakhoma, pa penti yachikasu imene anasakaniza yekha poyang'ana diresi la Liwiro kamodzi kokha. Ankanyadira zimenezo, zoti palibe mtundu umene diso lake lingalephere kuufanizira.

"Ndiwe wolimba kuposa mmene umadziganizira," anatero. "Taona, tsiku lina lacha."

"Kucha kokha si nkhani. Ndatopa, wamva?"

"Ndamva."

Anamupsompsona pachipumi n'kutuluka, kuiwala foni imene anaitchaja pakona. Isanathe mphindi foniyo inawala. Liwiro sanali munthu wofufuza mafoni a anzake, koma uthengawo unadzionetsa wokha, ndipo unachokera kwa Wamakeke: "Kaja katha? Mudutse madzulo ndikupatseni kena. Musaope, sangadziwe."

Wamakeke anali mtsikana woimba kwaya limodzi ndi mayi ake a Penta, wamsana wowongoka, amene mayiwo anamufunira mwana wawo kuyambira kalekale. Atalephera kumulowetsa m'banja ngati mkwatibwi, anamulowetsa ngati wophika keke ya ukwati.

Penta atabwerera kudzatenga foni, Liwiro anamupatsira ndi dzanja lake.

"Wamakeke akuti udutse madzulo."

"Ndi za keke zimenezo."

"Keke yake ndi yoti ine ndisadziwe?"

"Ndi zoti udzadabwe pa tsikulo. Usayambe, Liwiro."

Sanayambe. Nsanje imafuna mphamvu, ndipo mphamvu zimene anali nazo ankazisungira ulendo wa kubafa. Anatembenukira kukhoma, mtima ukumupweteka pamodzi ndi msana.

* * *

Tsiku lotsatira linali la sikelo. Njira yotulukira inali yodutsa pabalaza, ndipo pabalaza panali mayi ake a Penta ndi Wamakeke, mitu pamodzi, akuona zithunzi za makeke pafoni.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Tadzuka. Kaya inu kumeneko ndi botolo lanu."

Wamakeke anaimirira msangamsanga n'kumukokera mpando, mwaulemu wopitirira muyezo, wa mtundu umene umachititsa munthu kudzimva ngati katundu. "Khalani, achemwali, musagwe. Timangokambirana kuti tebulo la keke lidzakhale lalifupi, mudzadule muli chikhalire. Kuima nthawi yaitali si kwa aliyense."

"Ndidzaima," anatero Liwiro.

"Eee, tikupempherera zimenezo."

Zala za Wamakeke zinali zobiriwira m'mbali mwa zikhadabo. Ataona kuti Liwiro akuziyang'ana, anazipinda. "Utoto wa keke uwu, sumva sopo," anatero akuseka.

Mayi ake a Penta anapumira m'mwamba. "Ine nkhawa yanga ndi mdzukulu. Mwana asanaone n'komwe dzuwa, akumwa kale zoledzeretsa. Ife tinabereka ana athu mano tili chilumire, palibe anatipatsa botolo."

"Basi sinakugwereni, amayi."

Linatuluka lokha liwulo. Liwiro anatenga ndodo yake n'kutuluka pang'onopang'ono. Vuto la munthu woyenda ndi ndodo ndi lakuti ngakhale wanena mawu oyenera kumenyetsa chitseko, amatuluka anthu akumuonerera mpaka kumapeto.

* * *

Dokotala anali mayi wamagalasi, wosakonda kuseka koma womvetsera. Anamvetsera zonse, anamugwira mimba, anamva mtima wa mwana, kenako anakhala pansi n'kuvula magalasi.

"Mimba ikumalimba nthawi yake isanakwane, ndipo sindikukondwa nazo. Zimene mukundiuzazi zimachitika kwa munthu amene wachepetsa mankhwala. Mukudumphitsa?"

"Ayi, adokotala."

"Ambiri amachepetsa mwakabisira chifukwa cha mawu a kunyumba. Sindikukalipirani. Ndingofuna zoona."

"Ndikumwa monga munanenera. Bambo a mwanayu ndi amene amandiyezera m'mawa uliwonse."

Liwiro anamva misozi ikubwera ndipo anadana nayo. Kunyumba ankamuyesa womwa mopitiriza, kuno ankamuyesa womwa moperewera. Panalibe malo amene mawu ake ankakwanira okha.

"Tulutsani lilime," anatero dokotala. Anayang'ana n'kukweza nsidze. "Mwadya switi?"

"Ayi. Lakhala chonchi masiku ano. Ndimayesa ndi za mimba."

Panja wina anagogoda, namwino analowetsa mutu kunena za wodwala amene wakomoka pamzere, ndipo nkhani ya lilime inathera pomwepo. Dokotala ananena mofulumira kuti nthawi zina mimba ikamakula thupi limatha mankhwala msanga. Anamuwonjezera mlingo, anamulembera botolo latsopano, n'kumuuza kuti ulendo wotsatira adzabwere ndi lakale lomwe.

"Mukumbukire zimene tinagwirizana," anatero ali pachitseko. "Mwana akadzabadwa tidzamusunga masiku angapo, chifukwa akhoza kudzavutika pamene mankhwala akuchoka m'thupi mwake. Zimenezo timadziwa kuzisamalira. Chimene sindifuna ndi kumutaya asanabadwe."

* * *

Anafika kunyumba dzuwa lili paliwombo, msana ukung'ambika chifukwa cha mabampu a minibasi. M'nyumba munalibe munthu, amayi atapita kukwaya. Kabotolo ka tsikulo anali atakamaliza pamzere wa kuchipatala. Mwa pangano lawo, botolo latsopano linkayenera kudikira Penta n'kulowa m'bokosi losatsegulidwa. Liwiro analiyang'ana, anayang'ana dzuwa pazenera, ndipo anaona kuti madzulo ali kutali kwambiri. Anamatula chivindikiro, anayeza mlingo watsopano uja mosamala, n'kumeza.

Kuwawa kwake kunamukwinyitsa nkhope yonse, ngati waluma ndulu.

Anayang'ana kapu imene inali m'manja mwake. Kuwawa kumeneku ankakudziwa. Kunali kwa zaka zonse zimene wakhala akumwa mankhwalawa, koma masabata apitawa kunali kutazilala pang'onopang'ono osazindikira iye. Anatenga kabotolo kopanda kanthu kaja, anagwedezera kadontho kotsala pachala n'kulawa. Anali madzi, ongonunkhira mankhwala patali. Pachala panatsala banga lobiriwira. Anadonthezapo a m'botolo latsopano pa chala china, anapukuta, ndipo sipanatsale kanthu.

Anapita pagalasi n'kutulutsa lilime. Anakumbukira zikhadabo za Wamakeke ndi uthenga uja wakuti sangadziwe. Anakumbukiranso mwamuna amene palibe mtundu umene ungamugonjetse.

Kenako anakumbukira chimene anali atangomeza. Dokotala anawonjezera mlingo poganiza kuti wakale ukuperewera, pamene iye masabata onsewa ankamwa madzi opaka utoto. Thupi limene linali litayamba kuiwala mankhwalawo linali litangolandira mlingo woposa wakale, wosasungunula. Mantha anamugwira. Anaimbira Penta foni.

"Siya burashi ubwere," anatero. "Ubwere ndi galimoto iliyonse imene ungapeze."

"Chachitika n'chiyani?"

"Ndamwa enieni."

Penta anangoti akubwera, osafunsa kuti enieni ati, ndipo zimenezo zinayankha zonse zimene Liwiro akanafunsa.

* * *

Penta ankapenta sitolo ya pafupi, moti anafika penti ili yaiwisi m'manja. Anamupeza atakhala pakhonde, atatsamira khoma, zikope zikulemera. Ululu unali utachoka wonse kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri, ndipo kuchoka kwakeko n'kumene kunkaopsa.

"Takisi ikubwera. Usagone, Liwiro. Ndiyang'ane."

"Unayamba liti?"

"Tikambirana kuchipatala."

"Ndikufunsa ndili maso. Unayamba liti?"

Penta anagwada patsogolo pake. "Amayi ankalira tsiku ndi tsiku. Wamakeke anandionetsa kanema pafoni, tiana tongobadwa kumene tikunjenjemera, tikulira osatonthola. Sindinagone. Ndinkachotsa pang'ono n'kuthira madzi, mawa lake pang'ono pena. Mtundu utayamba kufuwa, iye anandipatsa utoto wa keke. Ndimati ukadzazindikira udzakhala utasiya kale, mwana adzabadwa bwinobwino, udzandithokoza."

"Amene unkachotsawo ali kuti?"

"Ndinkathira m'sinki."

Liwiro anaseka kaseko kopanda mphamvu. Mawu ankatuluka molemera, ngati akuwakoka m'matope. "Ine ndimalira, iwe umandipukuta thukuta. Ndi dzanja lomwelo."

"Ndimachitira mwana."

"Adokotala ananena uli pomwepo kuti tikachepetsa tikhoza kumutaya. Unamva. Koma unasankha kanema wa pafoni ya Wamakeke." Anaika dzanja pamimba n'kudikira. "Wasiya kugunda."

Penta anamunyamula osadikira kuti takisi iime bwinobwino. Chomaliza chimene Liwiro anamva chinali kiyi uja akumugunda patsaya, ndi mawu a mwamunayo akutchula dzina lake mobwerezabwereza.

* * *

Anatsitsimuka dzuwa litapendeka, ali pabedi la chipatala, kachubu kampweya kali m'mphuno. Ululu unali utabwerera pamalo ake onse ngati mwininyumba. Pamimba anamumanga lamba, ndipo kuchokera m'kamakina ka pambali kunkamveka kugunda kofulumira, kosadukiza.

"Ndi wanu ameneyo," anatero dokotala. "Ali moyo. Nonse awiri mwapulumukira mkamwa mwa mbuzi."

Liwiro anatseka maso n'kulira mwakachetechete. Dokotala anamusiya alire, kenako anakokera mpando pafupi.

"Ndinaona lilime lija m'mawa ndipo sindinalitsatire. Pamenepo ndinalakwitsa ine. Koma tsopano pali nkhani ina. Botolo lakale bambo a mwanayu abwera nalo, ndipo ndi madzi ndi utoto. Mankhwala awa ali pansi pa lamulo. Akasowa, ndimayenera kunena kumene apita ndi amene wawachotsa. Bambo ali panjawo sakuyankha chilichonse, angogwira mutu."

"Mukanena, chimachitika n'chiyani?"

"Ngati ndi munthu wina, nkhani imapita kupolisi. Ngati ndi inuyo, ngati munkamwa mopitiriza kapena kugulitsa n'kumabisa ndi madzi, polisi sindiitana, tidzakuthandizani ngati wodwala. Koma botolo simudzapitanso nalo kunyumba, ndipo mwana akadzabadwa, a zosamalira ana adzayenera kuona kaye ngati n'koyenera kuti atuluke nanu. Ganizani bwino. Ndibweranso."

Dokotala atangotuluka, katani inagwedezeka ndipo analowa mayi ake a Penta, akadali mu yunifolomu ya kwaya. Nkhope yawo inaonetsa kuti amva zonse ali kuseri. Anayang'ana kamakina kaja, anayang'ana Liwiro, kenako mayi wamkulu uja anagwada pasimenti n'kugwira chitsulo cha bedi.

"Mwana wanga," anatero.

Chilowereni m'nyumba mwawo, Liwiro anali asanamvepo mawu amenewo kuchokera pakamwa pawo. Anawalakalaka miyezi yonseyi, ndipo tsopano atafika anamutopetsa kuposa chipongwe.

"Mwana wanga, ndili ndi mmodzi yekhayo. Akamutsekera, ntchito yatha, ukwati watha, mwana adzabadwa bambo ake ali m'ndende. Iwe wamva wekha, sakumanga. Ungonena kuti unali iwe. Anthu amamvetsa, munthu wodwala amalakwitsa. Za mwanazo tidzakuimira ife, ine ndidzamulera ndi manja angawa mpaka atakukhulupirira."

"Mudzamulera inu."

"Kwa kanthawi chabe."

"Amayi, dzina lija munkandipatsa kukhitchini ndinkalimva. Makoma a nyumba yanu ndi opyapyala. Lero mukufuna ndilivomere ndekha pamaso pa adokotala, ndiperekenso mwana pamwamba."

Mayiwo sanakane. Anangoweramitsa mutu, mapewa akugwedezeka.

Chomvetsa chisoni n'chakuti Liwiro ankamukondabe Penta. Akanakhala kuti wasiya kumukonda, yankho likanakhala lapafupi. Ankaonabe mnyamata wa pamakwerero uja, wopenta khonde mochedwa kuti mtsikana wa ndodo asayende yekha. Sanafune kumuona atavala unyolo. Koma kamakina kankagundabe pambali pake, ndipo mwini kugundako analibe wina womulankhulira.

Dokotala anabwerera ndi namwino. Anayang'ana mayi wogwadayo n'kutembenukira kwa Liwiro.

"Mwaganiza?"

"Ndaganiza, adokotala. Ine sindinachotsepo ngakhale dontho. Kiyi wa bokosi sindinamugwire chiperekereni." Anapuma, chifukwa ngakhale mawu ankadutsira pamsana. "Koma dzina la munthu sindikupatsani ine. Muitaneni alowe. Anene yekha, ndili pompano. Akanena ndi pakamwa pake, ndidzapita naye kulikonse kumene nkhaniyi ipite, ngakhale ndi ndodo. Ndatopa kuyankhira botolo limene sindimasunga."

"Mwana wanga, chonde," ananong'ona mayi aja.

"Dzukani, amayi. Simenti ikuzizira."

Namwino anatuluka kukaitana Penta. Liwiro anakonza tsitsi ndi dzanja, chizolowezi chopusa cha mkazi amene akuyembekezera mwamuna wake ngakhale pa tsiku ngati limeneli. Anamvetsera mapazi m'khonde, akufunafuna aja onyang'ama amene ankawadziwa pakati pa mapazi a anthu onse.

Anabwera a namwino okha.

"Pabenchi palibe munthu," anatero namwinoyo. "Amayi ogona pafupi ndi chitseko akuti kunabwera mtsikana wina, anawanong'oneza bambo aja, ndipo atuluka limodzi pageti. Angosiya ichi."

Anatambasula dzanja. Munali kiyi uja, pachingwe chake chothimbirira ndi penti. Namwino anayang'ana uku ndi uku kusowa womupatsa. Mayi ake a Penta anayamba kukweza dzanja, koma Liwiro anawatsogolera. Anatenga kiyiyo, anaveka chingwe m'khosi mwake, ndipo anatembenukira kwa dokotala.

"Khalani pansi, adokotala," anatero. "Anthu ake ndi awiri, ndipo mayina awo ndikupatsani."